Pamene Kompyuta Inkaimba Lamya

Lero tiphunzira za intaneti. Mau amenewa si achilendo kwa inu. Mwawamva pa wailesi. Mwaonanso mwana wanu kapena mdzukulu wanu atawerama, maso ali pa foni ya m'manja. Mukamufunsa amati, "Ndili pa intaneti." Iye amangokhudza galasi la foni, basi walowa.

Kale sizinali choncho ai. M'zaka za m'ma 1990, munthu wofuna kulowa pa intaneti ali pakhomo pake ankayamba waimba lamya. Tinene bwino: imene inkaimba lamyayo ndi kompyuta yake. Kodi zimenezi zinkatheka bwanji? Nanga zinkadya ndalama zotani? Werengani pang'onopang'ono. Mukapeza mau ovuta, bwerezani kawiri.

Kodi intaneti nchiyani?

Kompyuta ndi makina olembera, owerengetsera ndi osungira zinthu. Kompyuta imodzi payokha ili ngati mudzi wopanda njira. Zimene zili m'mudzimo sizituluka, ndipo za kwina sizifikamo. Intaneti ndi makompyuta ochuluka a m'maiko onse amene alumikizidwa kuti azitumizirana mauthenga.

Ntchito imeneyi inayambira ku America. Pa 29 Okutobala 1969, anthu a pa yunivesite ina ku Los Angeles anayesa kutumiza mau akuti LOGIN ku kompyuta ya ku Stanford. Zinangofika zilembo ziwiri, L ndi O, makina nkuima. Umo ndi mmene zinayambira. Kwa zaka pafupifupi 20, njira imeneyi inali ya mayunivesite, boma ndi asilikali. Munthu wamba sankaidziwa.

Kenaka zinthu zinasintha. Bambo wina wa ku Britain, Tim Berners-Lee, ankagwira ntchito ku bungwe la sayansi la CERN, pafupi ndi mzinda wa Geneva. Iyeyu anakonza njira yosavuta yowerengera zolemba za m'makompyuta akutali. Anaitcha World Wide Web, ndipo inafika kwa anthu onse mu 1991. Mu 1993 bungwe la CERN linalengeza kuti aliyense aigwiritse ntchito njirayo osalipira. Apa mpamene anthu ambiri anayamba kuifuna intaneti m'makomo mwao.

Tiyeni titenge chitsanzo cha dziko la Britain. Kumeneko bambo Cliff Stanford anatsegula kampani ya Demon Internet mu 1992. Munthu ankalipira mapaundi 10 pa mwezi, kuonjezapo msonkho, ndipo ankaloledwa kulowa pa intaneti ali kunyumba. Tsopano tione zimene banja la ku Britain linkachita cha m'ma 1995.

Zinthu zisanu zofunika

Choyamba, kompyuta ndi magetsi oiyendetsa.

Chachiwiri, lamya ya m'nyumba. Iyi ndi telefoni ija ya nthambo zoyenda pa mitengo kapena pansi pa nthaka.

Chachitatu, kabokosi kotchedwa modemu.

Chachinai, kampani yokulowetsani pa intaneti. Kampaniyo inkakupatsani nambala ya lamya yoti kompyuta iziimba. Inkakupatsaninso dzina lolowera ndi mau achinsinsi.

Chachisanu, mapulogalamu. Awa ndi malangizo ouza kompyuta chochita. Ankabwera pa disiki, ndipo kampani inkatumiza disikiyo pa positi. Nthawi zina inkamatidwa pa chikuto cha magazini.

Chimodzi mwa zisanuzi chikasowa, palibe chimene chinkachitika.

Ntchito ya modemu

Kompyuta sidziwa Chichewa kapena Chingerezi. Imadziwa zizindikiro ziwiri zokha, 1 ndi 0. Chizindikiro chimodzi chimatchedwa biti. Chilembo chilichonse chili ndi mabiti 8. Mwachitsanzo, chilembo A chimalembedwa chonchi: 01000001.

Vuto linali ili. Nthambo za lamya anazipangira mau a munthu, osati manambala a kompyuta. Ndiye panafunika womasulira. Mukudziwa mmene womasulira amachitira m'khoti. Amamva chinenero china, nkunena mau omwewo m'chinenero china. Modemu ndiye womasulirayo. Inkatenga ma 1 ndi ma 0 nkuwasandutsa kulira. Mamodemu oyambirira ankalira mitundu iwiri: kulira kwina kunkaimira 1, kwina kunkaimira 0. Kulirako kunkayenda m'nthambo monga mau a munthu. Modemu ya mbali inayo inkamva kulirako nkukubweza kukhala manambala.

Kale kwambiri, munthu ankaimba yekha nambala ndi chala. Akamva kulira, ankatenga chomvera cha lamya nkuchikhazika pa timbale tiwiri ta labala ta pa modemu. Munthu akaombetsa chitseko m'chipindamo, uthenga unkatha kusokonezeka. Mu 1981 kampani ya Hayes ku America inatulutsa modemu yotha kuimba nambala yokha. Makampani ena anatsanzira njira yake.

Kalumikizidwe kake

Mamodemu anali a mitundu iwiri. Ena ankaikidwa m'kati mwa kompyuta. Ena ankakhala kunja, pa tebulo, ali ndi timagetsi tothwanima kutsogolo. Tifotokoze za akunjawa.

Poyamba munkazimitsa kompyuta. Kenaka munkatenga nthambo yonenepa yochoka ku modemu nkuilowetsa kumbuyo kwa kompyuta. Munkalumikizanso modemu ku magetsi.

Kumbuyo kwa modemu yambiri kunali tizibowo tiwiri tofanana. Pa kena panalembedwa LINE, pa kena PHONE. Nthambo yochokera ku khoma inkalowa pa LINE. Nthambo ya lamya inkalowa pa PHONE. Apa anthu ambiri ankaphonya chifukwa chosawerenga. Tizibowoto nkofanana, koma ntchito zake nzosiyana. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Mukatha izi munkayatsa kompyuta ndi kulowetsa disiki ya mapulogalamu. Pa makompyuta a Windows 3.1 anthu ambiri ankaikamo pulogalamu ya Trumpet Winsock, imene anailemba Peter Tattam wa ku Australia. Inkafuna kuti mulembemo manambala angapo amene kampani yakupatsani. Mukalakwitsa nambala imodzi yokha, simunkalowa. Mu Ogasiti 1995 kunabwera Windows 95. Iyi inali ndi pulogalamu yake yoimbira, ndipo ntchito inapepukako.

Pomaliza munkalemba nambala ya lamya ya kampani, dzina lanu lolowera ndi mau achinsinsi. Munkauzanso kompyuta mtundu wa lamya yanu, kaya ndi yozunguza ndi chala kapena ya mabatani. Zikatero munkadina batani loti iimbe.

Mamodemu akupatsana moni

Tsopano tcherani khutu. Poyamba pankamveka kulira kuja kumene mumamva mukanyamula lamya. Kenaka timaliu ta manambala: ti, ti, ti, ti. Kenaka mluzu, kukwecha ndi phokoso longa la mvula pa malata. Mlendo akanaganiza kuti makina aonongeka. Koma ai, sanaonongeke. Mamodemu awiri anali kupatsana moni.

Ina inkati, "Ndafika, kodi mukundimva?" Inayo nkuti, "Ndikukumvani. Inu mumathamanga bwanji?" Ankayesanso nthambo kuti aone ngati ili ndi phokoso. Akatero ankagwirizana liwiro loti ayendere limodzi. Modemu yothamanga ikakumana ndi yochedwa, zonse zinkayenda pa liwiro la yochedwayo. Zili ngati mnyamata woperekeza agogo ake ku chipatala. Sangawasiye m'mbuyo. Moni ameneyu ankatenga pafupifupi theka la mphindi. Akatha, phokoso linkaleka, kuli zii. Ndiye kuti mwalowa.

Modemu inkayankha ndi mau a Chingerezi. Mau anai awa aliyense ankawadziwa.

CONNECT ndiye kuti mwalumikizidwa.

BUSY ndiye kuti nambala mukuimbayo pali ena. Dikirani, muyesenso.

NO DIALTONE ndiye kuti modemu sikumva lamya. Mwina nthambo yazuka, mwina mwailowetsa pa kabowo kolakwika, mwinanso wina ali kulankhula pa lamya.

NO CARRIER ndiye kuti kulumikizana kwaduka.

Liwiro lake

Tiyeni tichite masamu pang'ono. Tanena kuti chilembo chili ndi mabiti 8. Potumiza ankaonjezapo mabiti 2 osonyeza poyambira ndi pothera. Choncho tiwerenge mabiti 10 pa chilembo chimodzi.

Modemu ya Hayes ya mu 1981 inkatumiza mabiti 300 pa sekondi. Gawani 300 ndi 10. Mupeza zilembo 30 pa sekondi. Munthu ankaona zilembo zikutuluka pa galasi ndipo ankatha kumawerenga zikubwera.

Mu 1991 kunabwera liwiro la mabiti 14,400 pa sekondi. Mu 1994 linafika pa 28,800. Pofika mu 1998 makampani anagwirizana za liwiro la 56,000. Koma liwiro lomalizali silinkakwana kwenikweni. Nthambo ikakhala yakale kapena yaitali, modemu inkayenda mochepera.

Nanga zithunzi? Chithunzi chimodzi chojambula ndi foni ya masiku ano chingathe kulemera ngati zilembo 3,000,000. Modemu ya mabiti 28,800 inkanyamula zilembo 2,880 pa sekondi. Gawani 3,000,000 ndi 2,880. Mupeza masekondi oposa 1,000. Izi ndi mphindi 17 ndi pang'ono. Chithunzi chimodzi chokha! Nsima ipsa chisanafike.

Nchifukwa chake zithunzi za nthawi imeneyo zinali zazing'ono. Zinkaoneka pang'onopang'ono kuyambira pamwamba kutsikira pansi. Anthu ena ankauza kompyuta kuti isabweretse zithunzi, ibweretse mau okha. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo pa intaneti ya kale munthu ankaphunzira kudekha ndithu.

Anthu ankachitapo chiyani?

Chachikulu chinali makalata a pa kompyuta, otchedwa imelo. Kalata ya pa positi yopita kutsidya la nyanja inkatenga masiku ambiri. Imelo inkatha kufika tsiku lomwelo. Keyala ya imelo ili ndi chizindikiro ichi @ pakati. Kumanzere kuli dzina la munthu, kumanja kuli kumene makalata ake amafikira. Anayambitsa chizindikirochi m'makeyala ndi Ray Tomlinson wa ku America mu 1971.

Anthu ankawerenganso nkhani ndi kufufuza zinthu. Pa ntchito imeneyi ankagwiritsa pulogalamu ya Mosaic, imene inatuluka mu 1993, kapena ya Netscape ya mu 1994. Google inayamba mu 1998. Facebook ndi WhatsApp kunalibe.

Ndalama zake

Apa mpamene panali nkhani m'mabanja. Ku Britain munthu ankalipira kawiri. Ankalipira kampani ya intaneti mwezi ndi mwezi. Ankalipiranso kampani ya lamya pa mphindi iliyonse imene kompyuta yakhala pa nthambo. Masana mtengo unali wokwera. Usiku, Loweruka ndi Lamlungu unali wotsika.

Tiyerekeze kuti masana mphindi imodzi ndi mapeni 4, ndipo Loweruka ndi peni 1. Paundi imodzi ili ndi mapeni 100. Ola limodzi masana ndi 60 kuchulukitsa ndi 4, ndiwo mapeni 240. Amenewa ndi mapaundi 2 ndi mapeni 40. Mwana akamakhalapo ola limodzi masana kwa masiku 20, ndiye kuti apita mapaundi 48. Mwaona? Kampani ya intaneti yatenga mapaundi 10 okha, koma lamya yadya 48. Ola lomwelo Loweruka ndi mapeni 60 basi.

Choipa china nchakuti ndalamazi sizinkaoneka pomwepo. M'makomo ambiri bilu ya lamya inkabwera pakatha miyezi itatu. Tsiku lofika biluyo m'nyumba munkavuta.

Ochenjera anapeza njira. Ankalemba makalata ao onse asanalumikize. Akatha ankaimba, kutumiza makalatawo, kulandira obwera, nkudula msanga. Ankawerenga atadula kale. Ndi mmene amachitira mai wanzeru popita ku chigayo. Amapeta chimanga ali kunyumba, osati atafika pa mzere.

Mu 1998 ku Britain kunabwera kampani ya Freeserve. Iyi sinkalipiritsa za pa mwezi. Munthu ankangolipira mphindi za lamya, ndipo kampaniyo inkalandirako gawo la ndalamazo. Anthu ambiri anayamba intaneti nthawi imeneyo.

Ku America zinali zosiyana. M'madera ambiri kuimba lamya m'dera lanu lomwe sikunkawerengedwa mphindi. Koma kampani yaikulu ya America Online inkalipiritsa potsata maola. Mu Disembala 1996 inasintha. Inati munthu alipire madola 19.95 pa mwezi ndipo akhalepo mmene angafunire. Anthu anakhamukirako, ndipo amene walowa sankafuna kutuluka. Mamodemu a kampaniyo anachepa. Ambiri ankangomva BUSY usiku wonse. Walira mvula walira matope.

Mavuto ena

Vuto loyamba linali la lamya imodzi. Kompyuta ikakhala pa intaneti, lamya ya m'nyumba inali yotsekeka. Wachibale woimba kuti anene za matenda kapena za maliro sankatha kukupezani. Komanso wina akanyamula lamya m'chipinda china, ankamva phokoso lokhalokha, ndipo kulumikizana kunkatha kuduka. Ngati munadikira mphindi 15 kuti chinthu chifike, munkayambanso poyamba. Mabanja ena ankapangana maola. Opeza bwino ankaikitsa lamya yachiwiri.

Vuto lachiwiri linali mphenzi. Mphenzi ikagunda pafupi, mphamvu yake inkayenda m'nthambo za lamya nkuotcha modemu, nthawi zina ndi kompyuta yomwe. Kuzimitsa kokha sikunali kokwanira. Mitambo ikada, munthu ankayenera kuzula nthambo ku khoma.

Vuto lachitatu linali akuba. Ena ankalemba uthenga wonamizira kuti ndi antchito a kampani. Ankati, "Tatumizireni mau anu achinsinsi, tikukonza zinthu." Wowapatsa ankaberedwa. Ena ankabisa m'kompyuta kapulogalamu kosintha nambala yoimba. Modemu inkaimba nambala yodula kwambiri mwini wake osadziwa, mpaka bilu itabwera.

Vuto lachinai linali mavairasi. Awa ndi mapulogalamu oononga amene amafala kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina. Mu Meyi 2000 vairasi ina inafala m'maiko ambiri kudzera mu imelo yooneka ngati kalata ya chikondi. Munthu akangotsegula, inkaononga zinthu zake nkudzitumiza yokha kwa anzake amene makeyala ao anali m'kompyutamo.

Nanga kuno kwathu?

Ku South Africa, yunivesite ya Rhodes inalumikizidwa pa intaneti mu 1991. Ku Zambia, kampani ya ZAMNET, yochokera ku yunivesite ya dzikolo, inayamba mu 1994. Ku Malawi, kampani ya MalawiNet inayamba mu 1997. Njira yake inali yomweyi ya modemu ndi lamya.

Koma kumbukirani zinthu zisanu zija. Makomo okhala ndi magetsi, lamya ndi kompyuta anali ochepa kwambiri, makamaka kumudzi. Ambiri amene anaigwirako intaneti nthawi imeneyo anaipeza ku ofesi, ku koleji kapena m'masitolo a m'tauni olipiritsa mphindi. Enafe phokoso la modemu sitinalimvepo. Intaneti inatifika pambuyo pake, kudzera pa foni ya m'manja.

Kutha kwa njira yakaleyi

Cha m'ma 2000 ku Britain kunayamba njira yatsopano yotchedwa ADSL. Nthambo inali yomweyo, koma anaigawa ngati mseu wa mbali ziwiri. Mau a anthu ankayenda mbali yao, za kompyuta mbali yao. Munthu ankatha kulankhula pa lamya wina ali pa intaneti. Liwiro linakwera kwambiri, ndipo kuwerenga mphindi kunatha. Kampani ya BT inasiya njira yoimba ija mu 2013. Ku America, kampani ya AOL, imene kale inali America Online, inaisiya mu Seputembala 2025.

Zoti titolepo

Makina asintha, koma nzeru zina za nthawi ija zikadali zothandiza pa foni yanu.

Dziwani chimene chikudya ndalama. Kale zinali mphindi. Lero ndi bandulo. Mau olemba amadya pang'ono, zithunzi zimadya kwambiri, mavidiyo ndiye osanena.

Konzekani musanalowe. Dziwani chimene mukufuna, chichiteni, nkutseka.

Mau achinsinsi ndi anu nokha. Nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni musauze munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani.

Uthenga wokoma wochokera kwa munthu wosamudziwa musathamangire kuutsegula.

Werengani zimene zalembedwa musanadine batani. Mau akakuvutani, funsani munthu amene mumamukhulupirira.

Mau atsopano

Modemu: kabokosi kosandutsa manambala a kompyuta kukhala kulira koyenda m'nthambo za lamya.

Biti: chizindikiro chimodzi cha kompyuta, 1 kapena 0.

Pulogalamu: malangizo ouza kompyuta chochita.

Imelo: kalata yotumiza pa intaneti.

Vairasi: pulogalamu yoononga imene imafala m'makompyuta.

Mafunso

1. Tchulani zinthu zisanu zimene zinkafunika kuti munthu alowe pa intaneti ali pakhomo.

2. Nchifukwa chiyani tayerekeza modemu ndi womasulira wa m'khoti?

3. Kodi nthambo yochokera ku khoma inkalowa pa kabowo kolembedwa chiyani?

4. Modemu ina inkatumiza mabiti 2,400 pa sekondi. Kodi ndi zilembo zingati pa sekondi?

5. Ngati mphindi imodzi ndi mapeni 4, kodi mphindi 25 ndi mapeni angati? Nanga ndi mapaundi angati?

6. Nchifukwa chiyani anthu ankazula nthambo ya modemu nthawi ya mvula?

7. Kambiranani ndi anzanu: munthu wakuimbirani, akuti ndi wa ku kampani ya foni, ndipo akufuna nambala yanu yachinsinsi. Mumuyankha chiyani? Lembani yankho lanu m'kope.